Tchati cha Hofstede choyerekezera maiko: chimathandiza pati, chimasocheretsa pati

Amene akukonzekera kukaphunzira ku Japan, kukambirana zamalonda ndi kampani ya ku China, kapena kuyang'anira antchito osakanikirana a ku Korea ndi a ku Germany, kawirikawiri amafikira pa chida chimodzi chaulere cha pa intaneti. Dzina lake ndi Country Comparison Tool, ndipo eni ake ndi kampani ya The Culture Factor, yomwe kale inkadziwika kuti Hofstede Insights, ya ku Helsinki m'dziko la Finland. Manambala ake, amene anayambira pa ntchito ya katswiri Geert Hofstede yoyeza zikhalidwe za maiko, amapezeka m'mabuku a zamalonda, m'zolemba za ophunzira a ku yunivesite, ndi m'maphunziro amene makampani amapereka kwa antchito awo asanawatumize kunja. Chidachi n'choyenera kuchitsegula, chifukwa chimakupatsani mafunso abwino oyambira. Koma amene akufuna kudziwa mmene anthu a Kum'mawa ndi a Kumadzulo amaonera zinthu, mmene amafotokozera gwero la vuto, kapena zimene amachita akakumana ndi mfundo ziwiri zotsutsana, adziwiretu kuti zimenezo pa tchatichi palibe.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mumalemba dzina la dziko m'Chingelezi m'kabokosi, ndipo mungasankhe maiko mpaka anayi nthawi imodzi. Dziko lililonse limatuluka ndi mizati isanu ndi umodzi, mzati uliwonse uli ndi nambala yapakati pa 0 ndi 100, ndipo m'munsi mwake muli ndime zazifupi zofotokoza tanthauzo la nambalayo. Mzati wa Power Distance umayeza mmene anthu apansi amavomerezera kuti mphamvu zisagawidwe mofanana: China ili pa 80, Japan pa 54, America pa 40, Austria pa 11. Wa Individualism umayeza ngati munthu amadziona payekha kapena ngati chiwalo cha gulu limene limamusamala iyenso n'kumalimvera. Wachitatu kale unkatchedwa Masculinity, pano akuutcha Motivation towards Achievement and Success, ndipo umayeza kukonda mpikisano ndi kupambana. Japan ili pa 95 pomwe Sweden ili pa 5. Wa Uncertainty Avoidance ndi wa mmene anthu amasautsikira ndi zinthu zosadziwika mathero ake. Iwiri yotsalayo ndi Long Term Orientation, wa kupirira ndi kusunga poganizira za mtsogolo, ndi Indulgence, wa kumasuka pa zosangalatsa za moyo, pomwe America ili pa 68, Japan pa 42, China pa 24.

Ubwino waukulu wa chidachi umaoneka mukaika maiko a Kum'mawa okhaokha pamodzi. Anthu ambiri akamati "Kum'mawa" amaganiza ngati ndi mtundu umodzi. Sankhani Japan, South Korea, China ndi Singapore, muyang'ane mzati wa Uncertainty Avoidance: 92, 85, 30, 8. Maiko anayi amene onse anakhudzidwa ndi chiphunzitso cha Confucius afalikira pafupifupi sikelo yonse. Chitaninso chimodzimodzi ndi a Kumadzulo. Pa Power Distance, France ili pa 68 pomwe Denmark ili pa 18, kutanthauza kuti pa muyeso umenewu France yayandikira China kuposa mmene yayandikirira Denmark. Mphunzitsi amene akufuna kuchotsa m'mitu ya ophunzira ake maganizo akuti dziko lapansi linagawika pawiri, Kum'mawa uku Kumadzulo uko, sangapeze njira yachangu yoposa imeneyi. Pa ntchito iyi yokha chidachi n'chotamandika ndithu.

Kumene manambalawa anachokera

Geert Hofstede anali katswiri wa ku Netherlands, anabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 2020. Pakati pa 1967 ndi 1973, kampani ya IBM inafunsa antchito ake m'maiko ambiri za maganizo awo pa ntchito, ndipo mapepala a mayankho anaposa 116,000. Hofstede anasanthula mayankhowo n'kutulutsa zotsatira zake mu 1980, poyamba za maiko 40, kenako za maiko 50 ndi zigawo zitatu. Nzeru yake inali yakuti popeza onse ndi antchito a kampani imodzi, a ntchito zofanana ndi maphunziro ofanana, kusiyana kumene kwatsala m'mayankho awo kuyenera kukhala kwa dziko lawo. Ndi nzeru yomveka, ndipo pa nthawiyo panalibe wina amene anali ndi mayankho ochuluka chotere.

Komatu tsegulani mzati umodzi muone zili m'kati. Power Distance inamangidwa pa mafunso atatu okha: kodi antchito amaopa kangati kutsutsa mabwana awo, kodi bwana wanu amagamula nkhani m'njira yotani, ndipo inu mungakonde bwana wogamula motani. Uncertainty Avoidance nayonso ndi ya mafunso atatu: mumapanikizika kangati pa ntchito, kodi malamulo a kampani angaswedwe ngati wantchito akuona kuti kutero kuthandiza kampaniyo, ndipo mukuganiza kuti mukhala pa kampani ino zaka zingati. Individualism ndiye yodabwitsa kwambiri. Inachokera pa zimene munthu amafuna pa ntchito yabwino. Mbali imodzi kunali nthawi yochita zake, ufulu wogwira ntchito m'njira yake, ndi ntchito yomuyesa nzeru. Mbali inayo kunali mwayi wa maphunziro, malo abwino ogwirira ntchito, ndi kugwiritsa ntchito luso lake lonse. Maiko amene anakonda gulu lachiwirili ndi amene anawerengedwa kuti ndi okonda gulu. Palibe funso la makolo kapena la udindo wa munthu kwa abale ake. Wantchito wa m'dziko losauka m'zaka za m'ma 1970 akanena kuti ofesi yowala bwino ndi maphunziro n'zofunika, mwina akungonena zimene zikusowa kwawo. Hofstede mwiniwake analemba kuti muyeso umenewu umayendera limodzi kwambiri ndi chuma cha dziko.

Ndiye mukaona mzati wochokera ku mafunso a IBM, wautali kapena waufupi, kumbukirani kuti pansi pake pali mayankho a anthu a mu ofesi pa nkhani za mu ofesi. Brendan McSweeney anatsutsa zimenezi mwamphamvu mu 2002, ponena kuti antchito a kampani imodzi sangaimire dziko lonse. Palinso china chimene ogwiritsa chidachi ambiri sadziwa: dziko la China lenilenilo silinali nawo m'kafukufuku wa IBM. Munali Hong Kong, Taiwan ndi Singapore. Manambala a China anabwera pambuyo pake kuchokera ku kafukufuku wina ndi kuyerekeza kwa akatswiri. Maiko achiarabu monga Egypt, Iraq, Kuwait, Lebanon ndi Saudi Arabia anawaphatikiza kukhala chigawo chimodzi.

Nkhani ya mzati wachisanu, wa Long Term Orientation, ndi imene imaphunzitsa zambiri pa mutu wa Kum'mawa ndi Kumadzulo, ngakhale pa tchati siimaoneka. Michael Harris Bond, katswiri wa ku Canada amene ankaphunzitsa ku Chinese University of Hong Kong, anaona kuti mafunso onse amene ankagwiritsidwa ntchito poyeza zikhalidwe analembedwa ndi anthu a Kumadzulo. Choncho anapempha akatswiri achitchaina kuti alembe zinthu zimene Atchaina amaziona kuti n'zofunika pa moyo. Panatuluka mfundo 40, ndipo zina mwa izo munthu wa ku Ulaya sakanaziganizira n'komwe kuti aziike pa pepala la mafunso: kulemekeza ndi kusamala makolo, kusawononga ndalama, kupirira, kukhala ndi manyazi, kuteteza ulemu wako pamaso pa anthu, kubweza moni ndi mphatso, kusunga dongosolo la wamkulu ndi wamng'ono. Mafunsowa anaperekedwa kwa ophunzira 100 m'dziko lililonse, amuna 50 ndi akazi 50, m'maiko oposa 20, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1987.

Zimene anapeza n'zofunika kuzimvetsa bwino. Miyeso itatu inafanana ndi ya Hofstede. Koma Uncertainty Avoidance sinatuluke konse, ndipo m'malo mwake munatuluka muyeso watsopano wa kupirira, kusunga ndi kuganizira za mtsogolo, umene mafunso a IBM sanauone. Hofstede anafotokoza kuti anthu a Kumadzulo amasautsika ndi funso lakuti choonadi n'chiti, pomwe olemba mafunso achitchaina ankasamala kwambiri za khalidwe loyenera. Anautenga muyeso watsopanowo n'kuuwonjezera mu 1991. Wachisanu ndi chimodzi unabwera mu 2010, kuchokera ku ntchito ya Michael Minkov wa ku Bulgaria pa mayankho a World Values Survey, kafukufuku wofunsa maganizo a anthu m'maiko ambiri. Apa mukuona kuti wolemba mafunso ndi amene amasankha zimene zidzapezeke. Anthu a mbali ina atapatsidwa cholembera, mzati umodzi unasowa, wina n'kumera. Kampani ya The Culture Factor ikanachita bwino kuika nkhani imeneyi pamwamba pa tchati, kuti aliyense aiwerenge asanayang'ane nambala ngakhale imodzi.

Zimene tchati sichiona

Kusiyana kwa kaganizidwe kumene akatswiri a maganizo apeza sikuchokera pa kufunsa munthu zimene amakonda. Amamupatsa chochita, n'kuona mmene akuchitira. Mu 2001, Takahiko Masuda ndi Richard Nisbett anaonetsa ophunzira a ku Kyoto ndi a ku Michigan timakanema ta pansi pa madzi ta masekondi pafupifupi 20. M'kanemamo munali nsomba zikuluzikulu zoyenda kutsogolo, ndipo kumbuyo kunali zomera, miyala, tinthovu ndi tizilombo ting'onoting'ono. Atawafunsa zimene aona, Aamerika ambiri anayamba ndi nsomba yaikulu ija, kukula kwake ndi kumene imalowera. Ajapani ambiri anayamba ndi malo: madzi anali obiriwira, pansi panali miyala. Ajapani anatchula za kumbuyoko mochuluka kwambiri kuposa Aamerika. Kenako atawaonetsa nsomba yomweyo koma kumbuyo kwake atasintha, Ajapani anavutika kuizindikira, pomwe kwa Aamerika kusinthako sikunawasokoneze kwenikweni. Wina anasunga nsomba payokha m'mutu, mnzake anasunga nsomba pamodzi ndi malo ake.

Kuyesa kwina n'kosavuta moti mphunzitsi aliyense angakuchite m'kalasi ndi pepala ndi rula. Shinobu Kitayama ndi anzake mu 2003 anaonetsa anthu bokosi lojambula la mbali zinayi zofanana, m'kati mwake muli mzere wotsika kuchokera pamwamba, tinene kuti utali wake ndi gawo limodzi la magawo atatu a bokosilo. Kenako anawapatsa bokosi lina lopanda kanthu la kukula kosiyana. Ntchito yoyamba inali kujambula mzere wotalika ndendende ngati woyamba uja, osasamala za bokosi. Yachiwiri inali kujambula mzere umene ukhalenso gawo limodzi la magawo atatu a bokosi latsopanolo. Aamerika anachita bwino kuposa Ajapani pa yoyamba, Ajapani anachita bwino kuposa Aamerika pa yachiwiri. Palinso kuyesa kwa zithunzi zitatu kumene Liang-hwang Chiu anachita ndi ana mu 1972: ng'ombe, nkhuku ndi udzu, funso n'kukhala lakuti ziwiri zoyenderana ndi ziti. Ana a ku America ankakonda kuphatikiza ng'ombe ndi nkhuku chifukwa zonse ndi nyama. Ana achitchaina ankakonda ng'ombe ndi udzu chifukwa ng'ombe imadya udzu. Mayankho onsewa ndi olondola. Wina wayang'ana gulu la chinthu, wina ubale wake ndi chinzake.

Akatswiriwa amalondola mizu ya zimenezi kutali. Aristotle, amene anakhala kuyambira 384 mpaka 322 BC, ankachotsa chinthu pamalo pake, n'kufunsa kuti chili ndi makhalidwe otani ndipo chili m'gulu liti, kenako n'kupeza lamulo la gululo. Anaphunzitsanso kuti mfundo singakhale yoona ndi yabodza pa nthawi imodzi m'lingaliro limodzi. Confucius, wa 551 mpaka 479 BC, ndi omutsatira ake ankaona munthu kudzera m'maubale ake: wolamulira ndi wolamulidwa, bambo ndi mwana, mwamuna ndi mkazi, mkulu ndi mng'ono, bwenzi ndi bwenzi. Chiphunzitso cha yin ndi yang chimati zinthu zotsutsana zimadalirana ndipo china chimasanduka chinzake. Kaiping Peng ndi Nisbett mu 1999 anapeza kuti ophunzira achitchaina akapatsidwa zotsatira ziwiri za kafukufuku zooneka zotsutsana ankapeza choona mu zonse ziwiri, pomwe Aamerika ankasankha chimodzi n'kuchigwiritsitsa. Tisaiwale komabe kuti ku Greece kunalinso Heraclitus wophunzitsa kuti zonse zimasintha, ndipo ku China kunali otsatira Mozi amene ankasanthula malamulo a kutsutsana mwadongosolo. Mbali iliyonse inali ndi zonse ziwiri. Chimene chinasiyana ndi chimene chinapatsidwa ulemu m'masukulu kwa zaka mazanamazana.

Mukaona tchati cha Hofstede ndi maso amenewa, muzindikira kuti ichonso ndi chipatso cha kaganizidwe kamodzi mwa awiriwa. Chimatenga dziko, n'kulichotsa m'mbiri yake ndi kwa anansi ake, n'kulipatsa makhalidwe asanu ndi limodzi okhazikika ngati kuti ndi kulemera ndi kutalika kwa mwala. Funso lakuti munthu ameneyu akulankhula ndi yani, pa malo otani, pamaso pa yani, lilibe polowera. Koma m'maiko ngati Japan funso limenelo ndiye mwini nkhani, chifukwa khalidwe loyenera kwa a m'gulu lako ndi loyenera kwa mlendo zimasiyana kwambiri. Si kuti njira ya tchatiyi ndi yoipa. Ndi imene imatheketsa kuyerekeza maiko ambiri pa pepala limodzi. Kungoti wogwiritsa ntchito azidziwa kuti akuyang'ana Kum'mawa ndi diso la Kumadzulo.

Pamene anthu amagwa nacho

Choyamba ndi kusintha kwa manambala. Kwa zaka zambiri mabuku ankati pa Individualism America ili pa 91, Japan pa 46, China pa 20. Mu 2023 The Culture Factor inasintha manambala a muyeso umenewu ndi a Long Term Orientation potengera kafukufuku watsopano wa Minkov ndi Anneli Kaasa, ndipo America inatsika kufika pa 60, Japan inakwera kufika pa 62, China pa 43. Tsono wophunzira amene watenga nambala ya America m'buku lakale ndi ya Japan pa intaneti walemba kuyerekeza kopanda tanthauzo. Nambala ya China pa Long Term Orientation inali 118 m'ntchito ya Bond, n'kukhala 87 m'buku la 2010, ndipo inasinthanso. Dzina la mzati n'lomwelo, koma mafunso ndi anthu ofunsidwa n'zosiyana. Choncho mzati wina pa tchati chomwecho ungakhale wa mayankho a zaka za m'ma 1970, woyandikana nawo n'kukhala wa posachedwapa.

Kusintha kwa nambala ya Japan sikunadabwitse amene amatsatira nkhaniyi. Yohtaro Takano ndi Eiko Osaka mu 1999 anaunika kafukufuku 15 woyerekeza Japan ndi America, n'kupeza kuti 14 sankagwirizana ndi chikhulupiriro chofala chakuti Ajapani ndi okonda gulu kuposa Aamerika. Chifukwa china n'chakuti mafunso a mtundu wa "mukugwirizana nazo motani" ali ndi msampha. Munthu akamayankha ngati amalemekeza akuluakulu, amadziyerekeza ndi anthu a kwawo. Wa ku Japan wolemekeza kwambiri angadzipatse 3 pa 5 chifukwa anansi ake amamuposa, wa ku Canada wolemekeza pang'ono n'kudzipatsa 4 chifukwa amaposa anzake. Steven Heine ndi anzake anaonetsa vuto limeneli mu 2002. Chinanso, kafukufuku anapeza kuti ophunzira a ku Japan ndi Taiwan amakonda kusankha yankho lapakati pa sikelo, pomwe Aamerika savutika kusankha la kumapeto. Kayankhidwe komweko ndi chikhalidwe, ndipo kamapotoza avareji.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi kutenga nambala ya dziko n'kuiveka munthu mmodzi. Hofstede mwiniwake ankachenjeza kawirikawiri kuti miyeso yake ndi ya maiko, si ya anthu. Kudziwa kuti dera lina limalandira mvula yambiri pa chaka sikukuuzani ngati igwe lero. Kusiyana kwa anthu a m'dziko limodzi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa avareji ya dziko ndi dziko. Thomas Talhelm ndi anzake mu 2014 anayesa ophunzira 1,162 a mtundu wa Han m'dziko la China ndi mayeso ngati a zithunzi zitatu aja. Ochokera kumwera, kolima mpunga, ankayang'ana kwambiri ubale wa zinthu kuposa ochokera kumpoto, kolima tirigu. Kufotokoza kwawo n'kwakuti mpunga wa m'madimba othirira umafuna ntchito pafupifupi kuwirikiza kawiri ya tirigu, ndiponso ngalande zogawana zimene banja limodzi silingazikonze palokha, motero mibadwo inazolowera kudalirana. Dziko ndi limodzi, boma ndi limodzi, mtundu ndi umodzi, koma tchati chili ndi nambala imodzi ya onsewa. Ndipo ngakhale munthu mmodzi sakhazikika pamodzi: Ying-yi Hong ndi anzake anaonetsa kuti ophunzira a ku Hong Kong akayamba aona zithunzi za chikhalidwe cha China amafotokoza chochitika potchula gulu ndi malo, koma akayamba aona zithunzi za ku America amaloza kwambiri khalidwe la wochitayo.

Pa ntchito yeniyeni, kulakwitsa kumaoneka chonchi. Woimira kampani aona kuti Japan ili pa 54 pa Power Distance, osati kutali ndi 40 ya America, n'kuganiza kuti akafika pa msonkhano ndi mfundo zamphamvu bwana wamkulu agamula pompo. Koma m'makampani ambiri akuluakulu a ku Japan nkhani imakhala itakambidwa kale mwakachetechete ndi munthu mmodzimmodzi msonkhano usanachitike, zimene amazitcha nemawashi, ndipo chikalata cha ganizolo chimazungulira m'madipatimenti kuti aliyense wokhudzidwa adinde chidindo chake, dongosolo lotchedwa ringi. Wobwera ndi mfundo yatsopano pa msonkhano wafika mochedwa. Kugamula kumachedwa, koma ikagamulidwa ntchito imathamanga chifukwa palibe wotsutsa amene watsala. Palibe mzati umene ungakuuzeni zimenezi. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya makontirakiti. M'zaka za m'ma 1970, makampani oyenga shuga a ku Japan anasainirana ndi a ku Australia mgwirizano wa zaka zingapo pa mtengo wokhazikika. Mtengo wa shuga utagwa pa msika wa dziko lonse, Ajapani anapempha kuti akambiranenso popeza zinthu zasintha, a ku Australia n'kumati chosainidwa n'chosainidwa, ndipo mkangano unatenga nthawi. Mbali imodzi inkaona pepala ngati chinthu choima pachokha, inayo inkaliona ngati gawo la ubale umene uyenera kusintha nyengo ikasintha.

Mmene mungachigwiritsire ntchito osapweteka nacho

Musatsegule dziko limodzi lokha. Nambala ya 54 payokha ilibe tanthauzo. Imayamba kulankhula ikaikidwa pambali pa ina. Ikani dziko la amene mukukakumana nawo, dziko limene inu munaphunzirira kagwiridwe ka ntchito, ndi lina loyandikana ndi loyambalo kuti muone ngati zimene mukuonazo ndi za dzikolo kapena za chigawo chonse. Kusiyana kosafika 10 musakuwerengere, chifukwa miyeso ya mafunso ochepa chotere singasiyanitse zinthu zoyandikana motero. Onani ngati nambalayo ndi yoyezedwa kapena yongoyerekeza, ndipo lembani tsiku limene mwaitenga. Ngati ndi za sukulu, manambala onse achokere pa gwero limodzi la chaka chimodzi.

Kenako tengani mizati iwiri yokha imene yasiyana kwambiri, uliwonse muusandutse funso loti mukafunse munthu wodziwa malowo. Ngati Power Distance yasiyana ndi 40, funsani kuti pa kampani imeneyi amene amagamula ndani, kodi wamng'ono angatsutse wamkulu pagulu kapena amadikira ali awiri, ndipo kalata yoyamba ipite kwa yani. Ngati ndi Uncertainty Avoidance, funsani kuti akufuna ndondomeko yolembedwa mwatsatanetsatane motani asanavomere. Mayankho a munthu wa pamalopo akatsutsana ndi tchati, khulupirirani munthuyo. Funsaninso za msinkhu, ntchito ndi dera, pakuti injiniya wachinyamata wa ku Shenzhen ndi mkulu wa kampani ya boma ya kumpoto kwa China sangakhale pa mzati umodzi.

Amene akulemba nkhani yozama asaime apa. World Values Survey, imene inayamba mu 1981, imaonetsa kwaulere mayankho a funso lililonse ndi mmene anagawikira, choncho mumaona kuti ndi anthu angati pa 100 alionse anavomera ndi angati anakana, osati avareji yokha. Kafukufuku wa GLOBE wa 2004, wa mamanijala pafupifupi 17,000 m'zikhalidwe 62, anafunsa padera mmene zinthu zilili ndi mmene anthu akufunira kuti zikhale, ndipo pa miyeso yambiri ziwirizi zinapezeka zotsutsana, chinthu chimene mzati umodzi umabisa. Za kaonedwe ndi kalingaliridwe muzifune m'ntchito za Nisbett, Kitayama ndi Hazel Markus, pokumbukira kuti zambiri zinayesedwa pa ophunzira a ku yunivesite ndipo kusiyanako ndi kwa avareji, magulu awiriwo amalowana kwambiri. Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa mu 2010 kuti anthu 96 pa 100 alionse oyesedwa m'magazini akuluakulu a sayansi ya maganizo ankachokera m'maiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi.

The Culture Factor imagulitsanso Culture Compass, mafunso amene munthu amayankha yekha n'kulandira lipoti loyerekeza mayankho ake ndi dziko limene wasankha. Phindu lake n'lakuti limakuonetsani zizolowezi zanu, zimene ambiri sitiziona kuti ndi chikhalidwe. Koma mbali ya dziko linalo ikadali avareji yomwe ija, ndiye kulipira sikuchotsa mavuto amene tafotokozawa. Kwa mphunzitsi, wophunzira, ndi wokonzekera ulendo woyamba wa ntchito, tchati chaulere chija n'chokwanira pa tsiku loyamba la kukonzekera. Kwa wolemba anthu ntchito, woyeza kagwiridwe ka wantchito, kapena woweruza mkangano wa anthu awiri a maiko osiyana, chidachi chisayandikire pa tebulo, chifukwa chigamulo chokhudza munthu mmodzi sichingachokere pa nambala ya dziko lake.